Aphunzitsi pa lamba woyeza mtima

"Ndiye makinawa amadziwa bwanji kuti munthu akumva ululu?"

"Sadziwa, bambo. Amangojambula kagundidwe ka mtima. Za ululu mutiuza ndinu."

Aphunzitsi anagwedeza mutu, maso ali pa lamba wa makina oyendapo. Dokotala, mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo, anafotokoza bwinobwino. Popeza pachifuwa pankawathina akamakwera chitunda n'kusiya akapuma, ayambe ayenda pa lambayo atawamata mawaya. Mtima ukadandaula, adzawatumiza kukaunika mitsempha polowetsa kapaipi pamkono. Koma tsikulo asaike kapiritsi kawo ka ululu kunsi kwa lilime, chifukwa kangabise vutolo.

Za kapaipi Aphunzitsi sanazikonde. Komabe chomwe chinawakola kwambiri ndi chidwi. Zaka makumi atatu ankagwira ana obera mayeso, ena atalemba mayankho pantchafu, ena atawapinda m'chivindikiro cha cholembera. Kodi chitsulo ichi nacho chili ndi diso lotere? Funsoli linkawayabwa ngati chitedze.

Lachinayi, tsiku loyezedwa, atadzitsekera m'chimbudzi cha chipatala, anaika kapiritsi kunsi kwa lilime. Pa lamba anayenda ngati msilikali wa pa perete. Patapita mphindi zingapo chifuwa chinayamba kufinya, chapansipansi.

"Mukumva kanthu?"

"Njala basi, mwanangu."

Anapempha kutsika, ati bondo la ukalamba. Dokotala anayang'anitsitsa pepala, nati silinanene zambiri. Popeza ululu panalibe, kapaipi kayambe kadikira.

Kunyumba anafika akuimba mluzu, nauza mkazi wawo kuti akhoza.

"Mwakhoza chiyani, akulu inu? Satifiketi yake tiipachike pati?"

Patatha milungu itatu, Aphunzitsi akukweza ndowa ya madzi pamasitepe a khonde, ululu unabwera, ndipo ulendo uno sunamvere za kupuma. Kapaipi kanalowa ndithu, mothamangitsana. Mtsempha umodzi unali utatsekeka, ndipo mbali ina ya mtima inali itafa kale, yosadzukanso.

Ali chigonere m'wodi, anaulula okha za kapiritsi kaja, monyadirako pang'ono, nati makina aja amapusitsika. Dokotala anatseka failo mwakachetechete.

"Ife timangodikira panja, bambo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Mkazi wawo anaika kapu ya madzi pakatebulo.

"Ndiye munapusitsa ndani?"