Nguluwe ndi Nkhuti Yoyasamula

Inu amene mumati munthu wofika Folomu 4 ngati ine sangathenso nthano, khalani pansi mundimve kaye. Kutsutsa mutsutse ndikamaliza.

Nguluwe anali mayi wa ana asanu, wamakani osaneneka. Mnansi wake anali Gologolo, wofatsa, wokhala pamwamba pa mtengo wa msuku. Ana a Nguluwe anali atagona ndi njala masiku awiri, chonsecho munda wa chinangwa uli pafupi pomwepo. Chotchinga njira chinali nkhuti, dzenje limene anthu anakumba poumba njerwa, ndipo uku ndi uku kunali minga yokhayokha.

Nguluwe anaima chapatali, mphuno ili pansi, n'kuyang'ana. Anangoona kamzere ka madzi, kowonda ngati tsamba la nsungwi.

"Kangalande aka? Ndilumpha ndi mwendo umodzi," anatero.

"Alamu, si kangalande ayi," anayankha Gologolo ali panthambi. "Kuno ndikuona chidzenje chozungulira ngati lichero. Dzerani kudambo, mukafika dzuwa lisanapendeke."

"Iwe, timaso tako tonga mapirato tingaone kuposa anga?"

"Kwerani pachulupo mudzionere nokha."

Nguluwe anakwera, cholinga akamuchititse manyazi mnzakeyo. Atafika pakati pa chulu, kamzere kaja kanatupa ngati tsamba la mango. Atafika pamwamba, ndi lichero lenileni, lodzaza madzi amatope.

"Ha! Likuyasamula!"

"Silikuyasamula, alamu. Ndinu mwakwera."

Nguluwe anatsika pang'onopang'ono, maso ali padzenjepo, ndipo dzenjelo linkachepa, linkachepa, mpaka linabwerera kukhala kamzere. Mumtima anakondwa, poona kuti watulukira chinsinsi chimene Gologolo sakuchidziwa.

"Ndalidziwa khalidwe lake," ananong'ona. "Ukalikwerera limatsegula pakamwa, ukatsika limatseka. Panopa latseka. Ndilumphe lisanadzidzimuke."

"Alamu, taimani!"

Koma iye anali atauyamba kale ulendo, akuthamanga chowerama kuti dzenje lisamuone. Analumpha ndi mphamvu zake zonse, n'kugwera pakatikati, khuvu! Matope anamulekeza m'khosi.

Analimbana nawo mpaka dzuwa linapendeka, Gologolo akumulozera ali m'mwamba mbali imene khoma linali logumuka. Pamene ankatuluka, mwini munda anali atafika ndi agalu ake, akuzula chinangwa. Nguluwe anabwerera kwa ana ake chimanjamanja, akutsimphina, ndipo anawo anagona ndi njala tsiku lachitatu.

Phunziro: Dzenje silichepa chifukwa iwe watsika. Chimene chasintha ndi pamene waima, choncho usanalumphe, mvera amene akuliona ali pena.

Nthano imeneyi ndinaikamba pa msonkhano wa amayi kumpingo kwathu, okamba tinalipo asanu ndi anayi. Ine ndi amene ndinabwerako ndi mphoto ya chitenje chatsopano ndi nkhuku yathadzi, yoikira kale.