Zimene Pindani Anapeza M'chifu cha Mbuzi

Pa msika wina wa m'mbali mwa msewu panali munthu wootcha kanyenya, dzina lake Pindani. Kanyenya wake anali wa mbuzi, ndipo fungo lake linkaimitsa minibasi popanda wokweza dzanja. Amanena kuti ngakhale ntchentche za m'misika ina zinkapempha tchuthi kuti zidzangonunkhizako.

Munthu akagula, Pindani ankaika nyama m'kajumbo kopyapyala, kuwaza mchere ndi tsabola, kenako n'kumanga kukamwa kwake ndi mfundo yakeyake ya tinyanga tiwiri. Mfundo imeneyi ankainyadira kuposa mano ake akutsogolo. Ankati pansi pa thambo palibe wina angaimange, ndipo kunena zoona panalibenso wotha kuimasula. Choncho ogula ankangoboola kajumboko pambali, kudya ali chiimire, n'kukaponya pansi. Poweruka Pindani ankasesa majumbo onsewo n'kuwakankhira kukhwawa la kuseri kwa msika.

"Kuseri n'kuseri," ankatero akupukuta manja. "Kulibe mwini wake."

Tsono Pindani anali ndi mwana wamkazi mmodzi, Esinta, ndipo chinkhoswe chake chinali chitapanganidwa kuti chidzachitike anthu akakolola. Ndiwo ya tsikulo inalipo kale, ikuyenda ndi miyendo inayi. Anali tonde wa ndevu zake, amene Pindani anamutcha Kapitawo. Tonde ameneyu ankatsagana naye kumsika m'mawa uliwonse, n'kumaswera kukhwawa kuja pamodzi ndi mbuzi zina. Mimba yake inkakula, inkakula, mpaka polowa m'khola ankachita kupendekeka. Pindani anali atauza kale akuchimuna kuti asadye kwawo sabata yonse ya chinkhoswe, chifukwa nthumbwana za Kapitawo zokha zidzakhutitsa mudzi. Nthumbwanazo, mukudziwa inu, ndi zam'kati zija timakulunga ndi matumbo, ndipo pa mwambo wotere mbale yake yoyamba imapita kwa ankhoswe.

Mkazi wake, Nagama, ankayang'ana mbuziyo ndi diso lina.

"Bambo a Esinta, mimba ndiye ilipodi. Koma nthitizi bwanji zikuwerengeka ngati mano a chipeso?"

"Mayi, inu mumadziwa za nkhuku. Zambuzi tisiyireni eni ake."

Nagama anangopitiriza kusenda nthochi zake, pakuti anali ndi dimba la nthochi kumunsi kwa mudzi.

Tsiku lina Pindani anagula mbuzi ya malonda kwa a Likongwe, mkulu wina amene nyumba yake inali tsidya la khwawa lomwe lija. Inali yamimba ngati ng'oma. Anaizinga, anaisenda, anatumbula chifu, ndipo mpeni unalira kuti tswee, ngati wadula thumba la feteleza. Anapisa dzanja n'kutulutsa kajumbo. Anapisanso, kajumbo kena. Anakoka, anakoka, ngati munthu wamatsenga, mpaka mulu unafika m'mawondo. Ena amati majumbowo akanafolera denga la tchalitchi chino n'kutsalako a kukhitchini kwa abusa. Nyama yeniyeni inali yoti mphaka akanaidya n'kufunsa ngati kuli ina.

Pindani anapsa mtima. Analongedza zonse m'beseni, n'kuwoloka khwawa, anthu a pamsika ali pambuyo pake, chifukwa mlandu wa masana sufuna kuitanira.

"A Likongwe, ndinagula mbuzi kwa inu, osati golosale. Onani zimene mumadyetsa ziweto zanu."

A Likongwe anali munthu wosafulumira. Anakhala pansi, anatola kajumbo kamodzi, anakatembenuza. Anatola kachiwiri, kachitatu.

"Achimwene," anatero, "mbuzi yangayi inalidi yochenjera, koma mfundo ya tinyanga tiwiri sinkadziwa kumanga."

Anthu anaseka mpaka ena anakhala pansi. Pindani anayang'ana m'beseni muja. Kajumbo kalikonse kanali ndi tinyanga take tiwiri, tikumuloza iyeyo. Mbuzi zimakonda mchere, ndipo m'majumbo mwake munkatsalira mchere ndi mafuta. Chaka ndi chaka anali akuphikira mbuzi za m'deralo chakudya chosagayika, n'kuchithira mchere kuti zisachikane.

Manyazi anatha msanga, chifukwa kunabwera china choposa manyazi. Anakweza maso n'kuona Kapitawo ali m'khwawa, kajumbo kali lendelende pakamwa, akutafuna mwaulemu ngati mlendo wolemekezeka. Pindani anathamanga liwiro limene sanathamangepo chibadwire. Anagwira kajumboko mbali ina, tonde anagwira ina, ndipo anakokana mpaka onse awiri anagwa chagada.

Pobwerera kunyumba, mbuzi ili pachingwe, maganizo awiri ankayenda naye. Ganizo loyamba linali lokoma m'khutu. Linkati: mawa upite naye kumsika wakutali kumene sakukudziwa, mimba iyi ikugulitsira yokha, ugule mbuzi ina, nkhani yatha. Ganizo lachiwiri linali lamakani. Linkati: wogulayo nayenso ali ndi mwana wamkazi. Ndipo mbuzi inayo udzaisunga kuti, poti khwawa ndi lomweli?

Atafika, anamanga Kapitawo pamtengo, n'kuima pakhomo akukanda m'mutu.

"Mayi a Esinta, zambuzi zija mumadziwako pang'ono."

"Pang'ono pokha, bambo. Tengani chikwanje, tipite kudimba."

Kudimbako Nagama anadula masamba a nthochi. Anamuonetsa mwamuna wake kuti tsamba ukaliwamba pamoto pang'ono limafewa, silingambikanso, ndipo limapindika mmene ukufunira. Chomangira chinali luzi la pa thunthu la nthochi yomweyo. Amayi athu akhala akukulunga mikate chotero kuyambira kale, koma Pindani ankaona ngati zatulukira tsiku lomwelo.

M'mawa mwake, asanakoleze moto, analowa m'khwawa ndi matumba. Anatola majumbo ndi manja ake, munthu wamkulu, ali chiweramire, amalonda anzake akuonerera. Wogulitsa tchipisi anamufunsa ngati wataya ndalama. Wometa tsitsi anati mwina akufuna mpando wa ukhansala. Pindani ankangotola. Anatola tsiku limenelo, anatola mawa lake, anatola mpaka msana unayamba kulira ngati chitseko chakale. Pansi pa majumbo anapeza nthaka imene inali isanaone dzuwa kuyambira Esinta ali kumbuyo. Majumbowo Nagama ndi amayi anzake a kumpingo anawachapa n'kuwapota zingwe zomangira mbuzi, ndipo chingwe choyamba chinatalika mwakuti mbuzi ikamangidwa kuno inkakadya msipu ku Mozambiki.

Malonda okha ndiwo anayamba movuta. Wogula woyamba atalandira kanyenya wa m'tsamba anayang'ana uku ndi uku.

"Akulu, ndapempha nyama, osati mankhwala a kwa sing'anga."

Ena anapita kwa wootcha wina amene anali adakali ndi majumbo. Kondakitala wina ananena mokweza kuti Pindani wabwerera m'nthawi ya makolo, posachedwapa ayamba kuvala nyanda. Masiku amenewo nyama inkatsala pa chiwaya, ndipo ganizo lokoma m'khutu lija linkabweranso kudzamupatsa moni. Koma akayang'ana Kapitawo, amene tsopano ankamangidwa pafupi ndi benchi, ankalimba mtima n'kuwamba tsamba lina.

Zinthu zinatembenuka chifukwa cha mphuno. Nyama yotentha ikakhala m'tsamba lowamba imatenga kafungo kena kabwino, ndipo sichita thukuta ngati ya m'jumbo. Mayi wina wa m'basi anagula, anadya, anatsitsa zenera n'kuitanitsa ina itatu. Kondakitala uja analawako ya mnzake, ndipo kuyambira tsiku limenelo basi yake inkawonongeka pamalo omwewo nthawi ya nkhomaliro iliyonse. Wodya akatha, ankangoponyera tsamba Kapitawo. Tsamba la mchere, la mafuta, la tsabola pang'ono. Tonde ankalilandira m'malere ngati goloboyi. Zinyalala za bizinesi zinasanduka chakudya, ndipo tsache la Pindani linayamba kuchita ulova.

Mimba ya Kapitawo inaphwa pang'ono, koma msana unayamba kudzaza. Nthiti zinabisala imodzi imodzi. Ubweya unayamba kung'anima mwakuti wometa tsitsi uja ankabwera kudzadziyang'anirapo. Amalonda ena ataona kuti makasitomala akuthera kwa Pindani, nawonso anayamba kufunsa mtengo wa masamba, ndipo dimba la Nagama linayamba kudyetsa banja kawiri, ndi zipatso ndi masamba omwe.

Komabe panali chinthu chimodzi chimene Pindani sankachidziwa. Kunja kwa mbuzi ankakuona, koma m'kati ayi. Zimene Kapitawo anameza kale zinali zochuluka bwanji? Mbuzi siulula.

Anthu anakolola, tsiku la chinkhoswe linafika. Akuchimuna anabwera ndi njala imene anailera sabata yonse, monga anauzidwa. Nkhani ya beseni la majumbo inali itawafika kale, choncho nkhoswe wawo, a Matewere, mkulu wanthabwala, anapempha kuti aime pomwepo potumbula.

"Sikuti sitikukhulupirirani, apongozi," anatero. "Tingofuna tidziwe ngati tibwere ndi mbale kapena ndi dengu logulira zinthu."

Kapitawo atazingidwa, Pindani anagwira mpeni. Anatumbula. Mpeni sunalire. Mafuta anali oyera mbee, okuta impso zonse. M'chifu munali masamba a nthochi okhaokha, ndipo pakona pake panali kampira ka majumbo akale, kakang'ono ngati chibakera cha khanda. A Matewere anakanyamula, anakayeza m'dzanja, n'kugwedeza mutu.

"Aka ndi ka munthu wakale uja. Mbuzi yonseyi ndi ya munthu watsopano. Mwana wathu akukwatira pabanja labwino."

Nthungululu zinalira mpaka nkhuku zinathawira kudenga. Nthumbwana zinapita kwa ankhoswe, ndipo a Matewere anadya mpaka lamba anapempha chifundo. Anthu onse anadyera pa masamba a nthochi, kuyambira akuluakulu mpaka oimba ng'oma. Pindani anavina ndi msana wake wolira uja, Nagama akumuombera m'manja, Esinta akubisa nkhope ndi chitenje chifukwa cha kavinidwe ka bambo ake. Phwando litatha panalibe mayi amene anapita kumjigo ndi mulu wa mbale. Anangotsekula makola, mbuzi za m'mudzi zinabwera, zinatsuka mbale zonse, n'kudya ndi mbale zomwe.

Abale ndi alongo, tanthauzo lake ndi ili. Dziko limene Mulungu anatipatsa lilibe kuseri. Kumene iwe ukutcha kuseri ndi pakhomo pa mnzako, ndi msipu wa mbuzi yake, ndi madzi amene mdzukulu wako adzamwe. Mlengi anakonza zinthu zake kuti chotsala cha wina chikhale chakudya cha wina: tsamba lidyetse mbuzi, ndowe idyetse nthaka, nthaka idyetse nthochi. M'munda mwake mulibe dzala. Dzala tinabwera nalo ndife, ndipo chilichonse chimene timataya chimakhala ndi mfundo ya mwini wake, ngakhale titakana pamaso pa anthu.

Tsono kulapa kwa Pindani sikunali kwa pakamwa. Kunali kwa msana ndi manja. Anawerama, anatola, anasintha kakulungidwe ka malonda ake, anapirira kusekedwa. Zakale sizinafufutike zonse, kampira kaja kanatsala, koma Mulungu sadikira kuti m'kati mwako muyere kotheratu kuti ayambe kukudalitsa. Amangofuna uleke kuwonjezera.

Choncho mawa mukamapita kumsika, nyamulani dengu lanu. Inu ogulitsa mandasi, tomato, nyama, yang'anani chimene mukukulungira, ndipo mudzifunse kuti chikachoka m'manja mwanu chikagona m'mimba mwa yani. Mukatero mudzadya phwando lanu mtima uli m'malo, ndipo ngakhale mbuzi, zikanakhala ndi kwaya, zikanakuimbirani. Amen.