Likongwe m'Tauni ya Owerama

Padangokhala Likongwe wina wa ku Thyolo amene tulo tinamufikitsa kutali. Tsiku lina, pothawa agalu a pa esiteti, analowa m'bokosi la tiyi n'kugona. Podzidzimuka anapeza bokosilo lili pa lole, kenako m'sitima ya pamadzi, momwe ankakhalira kudya makoswe, ndipo mapeto ake anatulukira ku Japan, m'katauni kakale ka m'mbali mwa mtsinje.

Kataunika kanali kokongola, sindikana. Nyumba zamatabwa, zakuda ndi ukalamba, zinandanda m'mphepete mwa madzi, zitseko zake zapepala zochita kukankhira kumbali, nsapato zili mbwee pakhomo lililonse. Koma Likongwe sakanadya nyumba. Misewu inali yosesedwa moti ngakhale khoko la nthochi silinkaoneka. Njala inamugwira, koma kusungulumwa kunamugwira koposa, poti panalibe ndi mmodzi yemwe womudziwa dzina.

Amene anamumvera chisoni ndi Gonta, galu wokalamba wolondera sitolo ya makeke a mpunga pafupi ndi mlatho. Anamupatsa malo kunsi kwa khonde, namugawira za m'mbale mwake, namuphunzitsanso mwambo wa kumeneko. Anamuuza kuti moni wawo ndi kuwerama. Wina akakuweramira, iwe umawerama koposa iyeyo, ndipo kudzutsa mutu mnzako asanadzutse ndi chipongwe chachikulu. Likongwe anathokoza ndi mawu okoma, koma m'mutu mwake mwambowo unali utasanduka kale ndiwo.

Asodzi a mtsinje umenewo amaweta mphipi, mbalame zakuda zomira m'madzi zija. Amazimanga kachingwe m'khosi kuti zisameze nsomba zikuluzikulu, ndiye zikagwira zimabwera nazo kwa mwini bwato. Kachisisira, Likongwe anapeza Mphipi mmodzi atatera pagombe, khosi lili tho ndi nsomba.

“Moni, akuluakulu,” anatero Likongwe, mphuno ili pafupi ndi mchenga.

Mphipi anali woleredwa bwino. Anatsitsa khosi lake lalitalilo mpaka pansi, nsomba zonse n'kungoti khuthu. Likongwe anatola yonenepa, liwiro la mtondo wadooka. Anakadyera kunsi kwa mlatho akuseka, koma chiseko chinathera panjira, poti panalibe womufotokozera. Kwawo nkhani yotere akanaikamba mpaka anzake kugwira nthiti.

M'mawa mwake anakumana ndi Pusi wa nkhope yofiira akuwoloka mlatho, zipatso atazikumbatira pachifuwa. Pusiyo anali atamva kale za Mphipi, choncho Likongwe atawerama, iye anangogwedeza mutu pang'ono, manja ali gwaa.

“Kani kumapiri kwanuko moni wake ndi womweyu?” anafunsa Likongwe, maso ali pansi. “Palibe kanthu, bwana. Ine ndine mlendo, mwina sindikuyenera moni wathunthu.”

Nkhope ya Pusi inafiira kuwirikiza. Anaika manja pamaondo n'kuwerama monga achitira eni dziko, zipatso n'kumwazika pamlatho ponse. Likongwe anasankha zakupsa, nadutsa pakati pa miyendo yake.

Mbiri inawanda. Amphaka akamuona ankalowa m'tinjira ta pakati pa nyumba, abakha ankasambira cha kutsidya. Mimba ya Likongwe inakhuta, koma tsiku linkatha wosayankhula ndi aliyense kupatula Gonta. Nkhalambayo ndiyo inkamudikirabe pakhonde, n'kumamufunsa za mapiri a tiyi ndi mvula ya kwawo. Itamufunsa ngati zomwe zinkamvekazo zinali zoona, Likongwe anakana kwamtuwagalu, nati ndi nsanje chabe ya eni mudzi.

Apa mwana wa munthu akanalekera pomwepo. Koma linafika tsiku la chikondwerero cha mtsinje, ndipo mayi mwini sitolo anayala makeke oyera, ofewa, pathebulo la kutsogolo, nalowa kuseri kukakonza ena. Fungo lake linamuchotsa nzeru Likongwe.

“Agogo,” anatero kwa Gonta, “chifikireni sindinakuthokozeni mwa mwambo wanu. Lero ndiloleni.”

Anawerama mpaka chipumi kugunda pansi. Gonta anapinda miyendo yake yanyamakazi pang'onopang'ono, nagoneka mphuno pamwala wa pakhomo, natsinzina. Likongwe ananyang'ama, nakwera pathebulo, nadya mpaka mimba kuti ndi. Zotsala anakazibisa kunsi kwa mlatho. Nthawi yonseyo galu anali chiweramire.

Mayi uja potuluka anapeza thebulo lili mbee, mlonda wake mphuno ili pansi. Sanamumenye. Anangomusisita mutu, nanena kuti wakalamba, ntchitoyi yamukulira, ndi bwino akapumire kwa mchimwene wa mayiyo kuseri kwa mapiri.

Likongwe anabwera galimoto yodzatenga Gonta itaima kale. Mtima unali utayamba kumuluma, ndiye anayesa nthabwala, nati agogo akanangosuzumira ndi diso limodzi.

“Mapazi anu ndimawamva, mlendo wathu,” anayankha Gonta. “Ndinamva mukukwera, ndinamva mukutafuna. Ndinaopa kuti ndikadzutsa mutu ndikuonani n'kuuwa, ndipo mukhala opanda pogona m'tauni muno.”

Atatero, Gonta anakwera. Galimoto inawoloka mlatho n'kukhota, Likongwe atangoima.

Kunsi kwa khonde kunazizira. Makeke obisa aja anauma gwaa osawakhudza. Likongwe anayamba kuyenda m'misewu akuweramira aliyense, tsopano wopanda chiwembu chilichonse, kungofuna kuti wina amuyankhe. Anaweramira Mphipi, Mphipi anayang'ana kumadzi. Anaweramira Pusi, Pusi anayang'ana kumapiri. Palibe anamutukwana kapena kumuthamangitsa, poti kumeneko sachita zimenezo. Ankangomudutsa ngati chitsa.

Amene anapitako amati mpaka lero ali pamutu pa mlatho, waonda, akuweramira aliyense wodutsa. Alendo odzaona malo amaima, kumujambula zithunzi, n'kumauzana kuti m'tauni monsemo mulibe nyama yaulemu ngati imeneyi. Kenako amakwera basi yawo, osamubwezera moni.