Mtengwa wa Nyumba ya a Sangwan

Kwathu kuno ku Haryana, m'dziko la India, mwana wamwamuna akabadwa amayi amaimba mbale yamkuwa mpaka mudzi wonse udziwe. Akabadwa wamkazi mbale imakhala pashelefu, ndipo odzaona mwana amalankhula motsitsa ngati afika pasiwa. Tsiku limene Murti anaberekera mwamuna wake, Dokotala Omveer Sangwan, mwana wawo mmodzi yekhayo Yashvir, mbale inaimbidwa mpaka kupindika.

Kuyambira pamenepo a Sangwan anali ndi nyimbo imodzi: Yashvir adzakwatire bwino, zidzukulu zidzaze bwalo, dzina lisafe. Koma kachipatala kawo ka pafupi ndi msika wa tirigu kankangobweretsa ya tiyi ndi mchere. Atalingalira, anagulitsa munda wa makolo nagula makina ounikira amayi oyembekezera.

Pakhoma anakhomapo chikwangwani monga mwa lamulo, chonena kuti pano saulula ngati mwana wa m'mimba ndi wamwamuna kapena wamkazi. Ndipo tisawanamizire, ndi pakamwa sankaulula. Akaona mnyamata ankamwetulira n'kuuza apongozi a mayiyo kuti akagule maswiti. Akaona mtsikana ankangozimitsa makina, nkhope ili gwa. Apongozi a kuno si ana, ankamva. M'mawa mwake ankatenga mtengwa wawo kupita naye kuseri kwa depoti ya basi, kumene kunali ena omaliza ntchito yotsalayo, yochotsa mimbayo.

Murti ndiye ankathandiza amayiwo kukwera ndi kutsika pabedi, choncho misozi yawo inkagwera pamanja pake. Tsiku lina akuwotcha chapati analephera kupirira.

"Bambo a Yashvir, mtsikana uja wa lero munamuyang'ana nkhope? Watuluka akulira. Ndalama zimenezi ine zikundikanika kummero."

"Ndapha ndani ine?" anayankha a Sangwan akunyema chapati. "Ntchito yanga n'kuona basi. Ndikakana, akwera basi kupita kwa dokotala wina, ndalama n'kudya iyeyo, mwana n'kupitabe. Ufuna mwana wako adzakwatire atavala chiyani, chikwangwani chija? Thira mafuta apa, usandilalikire."

Murti anathira mafuta. Nkhaniyo sanaiyambenso, koma kuchipatala anasiya kupitako, akuti maondo.

Malonda anakoma. Mathirakitala ankafola pakhomo kutuluka dzuwa, atanyamula atengwa ophimba kumaso ndi apongozi awo. A Sangwan anamanga nyumba yosanja. Oyendera zipatala ankabwera, kuwerenga chikwangwani, kumwa tiyi wamkaka, n'kubwerera ali okhutira. Lamulo litayamba kuluma zenizeni, mkuluyu anagulitsa makina mwakachetechete, imvi zili mbuu, n'kusanduka munthu womukhazika kutsogolo pa maukwati a ena. Mumtima anati zapita.

Yashvir anakula mnyamata wofatsa, wosadziwa kukweza mawu ngakhale kwa galu. Sukulu inamukana, ndiye ankagulitsa mankhwala m'sitolo ya kutsogolo kwa chipatala. Zaka makumi atatu zinamupeza asanakwatire. A Sangwan anatuma a Hukam Chand, malume ake a Murti, munthu wodziwa khomo lililonse limene lili ndi namwali, kuti akafunsire mwana mkazi. A Hukam anayenda midzi mpaka nsapato kutha, nabwera kudzadziponya pabedi lazingwe.

"Mkamwini, atsikana kulibe," anatero a Hukam akupukuta fumbi kundevu. "Kale atate a mtsikana ankabwera chogwada, mphatso kumanja. Lero mtsikana mmodzi akumulimbirana makomo khumi, ndiye atate ake amangokhala mwendo pamwamba, kaliwo pakamwa, n'kumafunsa ngati apolisi: munda ali nawo? Ntchito ya boma ali nayo? Wanuyu munda munadya kale. Chotsaninso a mfunda wanu, a mfunda wa mkazi wanu ndi wa mayi anu, poti amenewo ndi alongo ake. Chatsala n'chiyani? Anzanu akukatenga akazi kutali, osamvana nawo ndi chilankhulo chomwe."

"Mwana wa dokotala akagule mkazi ngati njati yamkaka?" anakalipa a Sangwan. "Bwererani, amalume, mukayang'anenso."

Mwayi unaoneka patapita nyengo ina yokolola. A Hukam anapeza Renu, mphunzitsi wa ana aang'ono, mwana wa mlimi wina dzina lake Balwan. Awiriwo anaonana kamodzi pamaso pa akuluakulu, ndipo Yashvir anabwerako ali wina. Anayamba kupesa tsitsi kawirikawiri ndi kuimba poyeza mankhwala, mpaka ogula kumuseka. Renu naye sanakane. Kunangotsala kuti makolo a mnyamata akapereke maswiti ndi nsalu, mawu amangidwe.

A Sangwan, Murti ndi Yashvir anafika kwa a Balwan dzuwa lili paliwombo, nakhazikidwa pamthunzi. Amayi ake a Renu, a Darshana, anatuluka ndi tiyi ataphimba kumaso monga mwa mwambo. A Sangwan m'dera lino ndi ambiri, ndipo mayiwa sanafunse kuti ndi Sangwan uti. Koma dokotalayo atangoyamba kuyamikira tiyi, a Darshana anaima chilili. Anaika makapu pansi, nachita chimene mkazi wa kuno sachita pamaso pa alendo aamuna: anavundukula nkhope.

"A Dokotala, inu mwandiiwala, poti tinali ambiri. Ine mawu anu sindingawaiwale. Apongozi anga anandibweretsa kwa inu kawiri konse. Renuyu ndinakamuberekera kwa achimwene anga, nditathawa musanamuone. Akanakhala ndi azikulu ake awiri. Amenewo munawaona ndinu, ine mayi wawo sindinawaone."

"Mayi a Renu, zakale zimenezo," anayesa kulowererapo a Balwan, "alendowa abwera ndi zabwino."

A Darshana anatembenukira amuna awo. "Inu khalani chete. Si inu munkayendetsa thirakitala?"

A Sangwan anafunafuna mawu, napeza akale omwe aja. "Mayi, ine sindinakhudze mwana wanu aliyense. Ine ndinkangoona."

"Ndiye onaninso khomo, ndi ilo. Mwana wanga akadzaima m'nyumba mwanu, adzamuunika ndani? Mnyamatayu sindinamupeze chifukwa, Mulungu amupatse wina. Koma wanga ayi. Tengani maswiti anu."

Renu anali ataima pakhomo la kukhitchini. Anayang'ana Yashvir kamodzi, kenaka anakaima pambali pa amayi ake.

Anakwera galimoto kubwerera kwawo. Atadutsa ngalande yothirira minda, Yashvir anafunsa osatembenuka: "Amayi, n'zoona?"

"N'zoona, mwanangu," anayankha Murti. "Ndinkawatsitsa pabedi ndine."

Nkhani ngati iyi sigona panjira. Inafika m'midzi yonse a Hukam asanapume, ndipo makomo ochepa amene anali ndi anamwali anatsekeka onse, pakuti m'makomo ambiri munali mayi wokumbukira zake. Amuna omwe aja ankadzaza mathirakitala pakhomo pa chipatala ndiwo anayamba kupukusa mitu kwambiri. Anthu ndife otero.

Ine amene amandimvetsa chisoni ndi Yashvir, amene sanalakwire munthu. Sanakalipe, sanaswe kanthu. Anangonyamula chofunda chake n'kusamukira kuseri kwa sitolo, ndipo mpaka lero chakudya amalandira kwa amayi ake okha. Atate ake akalowa kudzafuna mankhwala a mtima, amawapatsa mwaulemu monga apatsira wogula aliyense.

A Sangwan khoti silinawaitanepo, unyolo sunakhudzepo manja awo. Ankayesa kuti chimene boma silinachione chakwiririka pamodzi ndi zaka. Koma chinawadikira m'mudzi wa eni, n'kudzawalanda chinthu chimodzi chokhacho chimene ankati akuvutikira. Akuluakulu sananame: mlandu suwola.