Mtedza Wosaseka wa ku Bembeke

M'sitolo ya mtedza ya Haji Rahmani, mkati mwa timisewu tothinana ta ku Bur Dubai, munalibe wantchito wodziwa pisitasho, mtedza wa mumtengo wa chikamba cholimba, kuposa Dunstan Kachigamba. Zaka zisanu ndi zinayi zokazinga ndi kuyeza zinamupatsa diso. Akangotapa m'thumba ankadziwa kuti uyu ndi Akbari wamtali wogulidwa pa maukwati, uyu Fandoghi wozungulira, uyu Kerman wonenepa wa ku Amereka. Chilema chake chinali chimodzi: ankayesa kuti wodziwa mtedza m'thumba waudziwanso mtengo wobereka mtedzawo.

Kwawo kunali ku Bembeke, ku Dedza, kumene malemu bambo ake anasiya munda wa mapichesi. Dzuwa la ku Dubai likafika poti munthu sungaponde panja, Dunstan ankausimba mundawo mpaka anzake anauloweza. Ankasimba za nkhungu ya m'mawa, za bambo ake akuchirikiza nthambi zolemedwa ndi mphanda, za iye ndi mlongo wake Edinah akuthamangira mawindo a basi ndi malichero pamutu, m'manja muli nomphonompho ndi madzi a zipatso. Ankausowa mundawo ndi mtima wonse. Koma ankanenanso kuti pichesi amaola pa sabata pomwe pisitasho amakhala chaka, ndipo ganizo limeneli linamera mizu mpaka anatsimikiza kudzala pisitasho m'munda wa bambo ake.

Anaitanitsa mndandanda wa mbande kwa alimi ena a ku South Africa, nauyala pa kauntala tsiku lina makasitomala atachepa. Anayerekeza mitundu iwiri, Kerman ndi Sirora, nasankha Kerman chifukwa cha kukula kwa njere. Pansi pake panalembedwa mtundu wina, Peters, ndi mawu oti ndi wamwamuna ndipo subereka. Anaukhwatcha ndi bolopeni.

Haji Rahmani, nkhalamba yokulira m'minda ya pisitasho ku Iran, anasuzumira papepalapo.

"Habibi, mwana wanga, wakhwatchiranji uyu? Pa akazi khumi aliwonse ika wamwamuna mmodzi. Mphepo ndiyo imanyamula ufa wa maluwa ake. Ndipo usathamange, yamba ndi mitengo yochepa. Sindikudziwa ngati kuzizira kwa kwanuko kungakwane."

"Haji, zimenezo ndikuzidziwa kale," anatero Dunstan akuseka. "Kwathu papaya wamwamuna timamumangirira chitsononkho kuti abereke. Akakana timamudula, koma enawo amabereka bwinobwino. Ine ndizithirira mtengo wongodya malo? Khalas, nkhani yatha!"

Haji anangotukula mapewa nabwerera ku sikelo yake. Chimene Dunstan sanachiganizire n'chakuti kwawo ukadula papaya wamwamuna, kuseri kwa khola la aneba kumakhala kuli wina. Pisitasho, ku Bembeke konse, analibe aneba.

Dunstan atalamula kuti mapichesi onse adulidwe, Edinah anayesa kukana pafoni. "Achimwene, tisiyeko mzere umodzi wokha wa kumtunda uja. Ndi umene ababa anadzala chaka chimene munabadwa."

"Mlongo, malo ndi ochepa. Dulani yonse. Mudzandithokoza."

Nkhwangwa zinalira masiku atatu. Edinah anatumiza chithunzi cha zitsa, osalembapo mawu alionse, ndipo Dunstan anachiyang'ana kamodzi kokha. M'malo mwa mapichesi munalowa mbande makumi asanu ndi limodzi, zonse zazikazi.

Pisitasho safuna wa phuma. Zaka zisanu ndi ziwiri Edinah anathirira, kupalira ndi kuthamangitsa mbuzi, pomwe mchimwene wake ankawonjezera kontirakiti pamwamba pa kontirakiti, akuuza aliyense kuti mitengo ikangobereka akupita kwawo osabwereranso. Ina inauma, ina inangotalika. Chaka chachisanu ndi chiwiri, ingapo inachita maluwa n'kulendewera timagulu ta zipatso tofiirira. Edinah anathyola, nayanika, napatsira Yunusu, dalaivala wa ku Mangochi amene ankabwerera ku Dubai kuchokera ku tchuthi.

Tsiku limene phukusi linafika, Dunstan anaitana sitolo yonse. Anayala nsalu yoyera pa kauntala nakhuthula mtedzawo kuti waa!

"Yalla, Haji, bwerani mudzalawe Kerman wa ku Malawi."

Nkhalambayo inatapa dzanja limodzi, n'kulitukula ngati ikuyeza kulemera kwake. Nkhope inagwa.

"Kwathu mtedza wokhwima timati ukuseka, chifukwa njere ikakula imang'amba chikamba. Taona awa, Dunstan. Palibe ndi mmodzi yemwe watsegula pakamwa."

Dunstan anatenga kanyundo naswa woyamba. Munalibe kanthu. Anaswa wachiwiri, wachitatu, mpaka pa kauntala panadzaza zikamba, anzake akuzemba mmodzimmodzi kunka ku ntchito zawo. Maluwa osalandira ufa wa mtengo wamwamuna anali ataumba zikamba zokhazokha. Manyazi anamugwira, koma chimene chinamupweteka kwenikweni chinali pansi pa phukusi. Edinah anaikamo kabotolo ka jamu wa mapichesi ndi kakalata: "Achimwene, mapichesi awa ndagula kwa a Enos kutsidya. Mbewu yake anapatsidwa ndi ababa."

Anatsegula kabotoloko. Fungo lake linamutengera pa msewu wa ku Bembeke, pa mawindo a basi, kwa bambo ake ndi mphanda paphewa, ndipo bambo wa zaka makumi anayi ndi zisanu analira pakati pa matumba a mtedza. Haji sananene kuti ndinakuuza. Anangomukankhira kapu ya tiyi.

Madzulo ake Dunstan anaimba foni kumudzi. "Mlongo, pitani kwa a Enos mukapemphe njere za mapichesiwo. Mukafunsenso mmene ababa ankadzalira, ine sindinafunsepo."

"Ndipita, achimwene," anayankha Edinah. "Koma mzere wa kumtunda uja sudzabweranso."

Dunstan akadali ku Bur Dubai, akukazingabe mtedza wa eni ake. Kachikamba kamodzi kotsekeka amakasunga m'thumba la malaya, ndipo wantchito watsopano akamudula mawu kuti zimenezo akuzidziwa, amakatulutsa n'kukaika pa kauntala. Akuluakulu sananame: Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo.