Sushi ya Apongozi a Jussara

Khitchini ya Jussara, m'nyumba yawo ya ku São Paulo, inkadziwika ndi fungo la nyama. Mayiyu anali mwana wa woweta ng'ombe wa kummwera, ndipo kwa iye Lamulungu lopanda siteki yowaza mchere linali ngati ukwati wopanda ng'oma. Mwamuna wake Hideki sankadandaula, ankangomasula lamba n'kupempha ina.

Zinthu zinatembenuka pamene Dona Setsuko, amayi ake a Hideki, anaferedwa mwamuna n'kubwera kudzakhala nawo. Anali munthu wochepa thupi ndi wochepa mawu, woti ngakhale uwaponde phazi, opepesa amakhala iwowo. Jussara anafunitsitsa kuti apongozi akewo amve kuti afika kwawo.

"Kodi amayi amakonda chiyani?" anafunsa mwamuna wake.

"Kaya. Bambo ali moyo, sushi, kampunga ka ku Japan kodyera nsomba yaiwisi kaja, sinkasowa patebulo. Koma bwanji osangowafunsa eni akewo?"

"Ndiwafunse? Aziti mpongozi wanji wosadziwa pakamwa pa apongozi ake? Wandiuza kale, basi."

Choncho chiwaya chake chachitsulo chootchera nyama Jussara anachipachika. Anayamba kulawirira kumsika kukasankha nsomba, kuphunzira kuthira viniga mu mpunga, kukulunga ndi kudula. Zoyamba zinkaphwasuka ngati nyumba ya mchenga. Zala anazicheka, maso anafiira, koma pomaliza sushi yake inkaima m'mbale mooneka bwino moti aneba ankabwera kudzaijambula.

Dona Setsuko ankawerama, n'kunena kuti, "Zikomo mwana wanga, wavutika." Ankatola kamodzi, mwina kawiri, kenako n'kuika timitengo todyera pansi.

Jussara anasokonezeka. Anaganiza kuti viniga wachuluka, anachepetsa. Anaganiza kuti nsomba si yabwino, anasintha wogulitsa. Mbale inkabwererabe yodzaza. Zovala zinayamba kuwakhwepa apongozi aja, ndipo achibale akabwera ankanong'onezana pakhonde.

"Amayi ako sandifuna," anatero Jussara kwa mwamuna wake tsiku lina akutsuka mbale mokalipa. "Akuona ngati manja a mwana wa woweta ng'ombe akudetsa chakudya cha kwawo."

"Ndi chisoni chabe, ayamba kudya," anayankha Hideki. "Koma iwe, ine nyama ndaisowatu. Ngakhale kachidutswa?"

"Ufuna fungo la mafuta liwathamangitse m'nyumba muno? Pirira, bambo."

Sipanapite nthawi, Dona Setsuko ananena patebulo, maso ali pansi, kuti alankhula ndi mwana wawo wamkazi Yoshie wa ku Londrina, ndipo azikakhala kumeneko. Jussara anamva ngati wathiridwa madzi ozizira. Analakwa pati? Mkwiyo ndi manyazi zinamangana pakhosi, osadziwa choyamba kumeza.

Masana ena akuchokera kumsika, thumba la nsomba lili m'manja, anadutsa pa kalesitilanti ka pakona komwe amadyera oyendetsa mabasi. Anaima chilili. Pakati pa azibambo aphokoso panali apongozi ake, mpeni kudzanja ili, foloko kudzanja ilo, akulimbana ndi siteki yaikulu ngati chikhatho cha mlimi, anyezi ali pamwamba, mpunga ndi nyemba pambali. Mafuta anali nyezinyezi pachibwano.

"Agogo, ya lero yafewa?" anafuula mwini malo, kusonyeza kuti sikanali koyamba.

Jussara analowa miyendo ikunjenjemera. "Amayi! Nyama?"

Dona Setsuko anafuna kubisa mbale ndi kansalu kopukutira pakamwa, koma siteki yotere sibisika. Anausa moyo. "Khala pansi, mwana wanga. Wandigwira."

"Koma inu si a sushi?"

"Wa sushi anali malemu bambo ako. Iwo anabadwira ku Japan. Ine ndinabadwira kuminda ya khofi ku Paraná, kutali ndi nyanja. Nsomba yaiwisi ndinaiona koyamba nditakwatiwa, ndipo mpaka lero imandiyendayenda pakhosi. Ndinkawakonzera chifukwa ndinkawakonda. Ine ndinkangotola kamodzi kuti asadye okha."

"Nanga bwanji osandiuza?"

"Ndikanayamba bwanji, ndikuona zala zako zili mabala okhaokha?" Anaseka pang'ono, misozi ili m'maso. "Ukudziwa chimene ndinasankhira kwanu, osati kwa Yoshie? Ndikabwera kudzacheza Lamulungu, fungo la nyama yako linkandilandira ndili pageti. Ndinati, ukalamba wanga ndikadyere kumeneko. Ndangofika, nyama yazimiririka. Ndinaganiza kuti mwaona kuti pakamwa pachuluka, kapena mukudya ine ndikatuluka. Ndinati ndisakhale mtolo."

Jussara anagwira pamutu. Miyezi yonseyi, akazi awiri m'nyumba imodzi, onse akulota siteki, onse akumeza nsomba yaiwisi mwaulemu! Sanadziwe kaya aseke kaya alire, ndipo anachita zonse ziwiri.

"Ndiye musapite, amayi. Ndikuotcherani tsiku lililonse mpaka mano atope."

Dona Setsuko anapukusa mutu. "Yoshie wasamutsa kale ana m'chipinda, wauza ndi apongozi ake. Mawu ndapereka. Ndikabweza, naye ayamba kudzifunsa kuti walakwa chiyani."

Hideki atamva nkhaniyi madzulo ake anakhala duu. Iye amene anakulira pa tebulo limenelo sanaonepo kuti mbale ya amayi ake inkakhala yopanda kanthu.

Lamulungu lomaliza, utsi wa nyama unadzaza bwalo. Dona Setsuko anadya mpaka kupempha ina, akuseka mokweza, kuseka kumene mwana wawo anali asanakumvepo. M'mawa mwake galimoto ya Yoshie inafika. Jussara anaima pageti mpaka inakhota, ndipo pobwerera m'nyumba anapeza chipinda chayalulidwa bwinobwino, chili zii.

Anali ndi mtima wabwino, manja olimbikira, ndi pakamwa pamene sanafune kutsegula. Funso limodzi lalifupi likanamusungira apongozi amene anamusankha okha. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.