Kalata Imene Dafuleni Anang'amba

Panali mnyamata wina pa yunivesite ina, dzina lake Dafuleni, amene anzake anamusankha kukhala pulezidenti wa bungwe la ophunzira. Pakamwa anali napo mwana ameneuja. Akangoti "Ophunzira anzanga!" ngakhale alonda a pageti ankasiya nkhani zawo.

Chaka chimenecho madzi anasiya kutuluka m'mahositelo. Panatha masabata atatu zimbudzi zikununkha, ophunzira akukapempha madzi pamjigo wa m'mudzi. Mayeso omaliza n'kuti atatsala masabata awiri. Ophunzira anatuma Dafuleni kwa akuluakulu a sukulu, ndipo anabwerako ndi kalata. Kalatayo inkati galimoto za madzi ziyamba kubwera mawa lake, pampu yatsopano ifika pasanathe masiku asanu, koma pakangosweka galasi limodzi sukulu itsekedwa, mayeso osalembedwa.

Yankholo linali labwino, ndipo Dafuleni ankadziwa zimenezo.

Akupita kumsonkhano kukauza anzake, anakumana ndi Mayi Nangozo, mphunzitsi wa kupulayimale amene anabwera kudzawonjezera maphunziro atakula kale.

"Achimwene," anatero mayiwo, "mukayankhule mofatsa. Tchuthi chimene anandipatsa kuntchito chikutha mwezi wamawa, ndipo anandiuziratu kuti sawonjezera. Ndikapanda kulemba mayesowa, zaka zinayi zapita pachabe."

"Musadandaule, mayi," anayankha Dafuleni.

Tsono pasukulupo panali mwambo. Mtsogoleri ankayankhula ataima pa tebulo la simenti, kutsogolo kwa holo yodyeramo. Mawu ake akapanda kukoma, gulu linkayamba kumenya mbale ndi masupuni, ndipo womenyeredwa mbale ankatchedwa wogulidwa mpaka kumaliza sukulu. Phokoso limenelo Dafuleni ankaliopa kuposa njoka.

Anakwera patebulo n'kutulutsa kalata ija. Asanaifunyulule n'komwe, wina kumbuyo anakuwa kuti, "Akam'mwetsa tiyi ameneyo!" Mbale imodzi inalira, ngwe ngwe ngwe. Ina inayankha. Sanali ambiri ayi, mwina anthu khumi pachikhamu chonse chija. Ena onsewo anali chete, makutu ali tcheru, kudikira kuti amve zimene akuluakulu aja awayankha.

Koma Dafuleni anamva khumi aja. Anafunyulula kalata ija, anaikweza m'mwamba n'kuing'amba pakati, osawawerengera ngakhale liwu limodzi.

"Palibe chanzeru chimene anena!"

Ha! Bwalo lonse linawira. Anamunyamula pamapewa, nyimbo ili pakamwa, ulendo wa kumaofesi. Ali m'mwamba momwemo anaona mwala woyamba ukuuluka. Anakuwa kuti asiye, anakuwa mpaka mawu kusasa, koma akanamumva ndani? Madzi akatayika saoleka. Pofika masana utsi wokhetsa misozi unali ponseponse, ndipo pageti anamatapo chikalata: sukulu yatsekedwa, aliyense atuluke dzuwa lisanalowe.

Dafuleni atatuluka ndi chikwama chake, anapeza Mayi Nangozo atakhala pa sutikesi m'mphepete mwa msewu, mabuku atawamanga m'chitenje. Sanamutukwane. Bola akanamutukwana.

"Achimwene, ine ndinali kutsogolo," anatero. "Ndinaona kuti kalata ija inalembedwa tsamba lonse. Inkati chiyani?"

Dafuleni anazolika. Manyazi anamugwira, ndipo bodza linamukanika.

"Inkati madzi abwera mawa."

Mayiwo anaimirira. Kenaka anasenza sutikesi yawo n'kukwera minibasi. Sukulu inatsegulidwa patatha miyezi isanu ndi iwiri, koma iwo sanabwerenso.

Inu amene mwalumbira lero kukhala atsogoleri a ophunzira, ndikunena ndi inu. Mwakonzeka kukaima pamaso pa akuluakulu n'kuwauza zowawa, ndipo mwachita bwino. Koma likubwera tsiku limene choona chidzakhala m'manja mwanu, ndipo oyenera kuchimva adzakhala anzanu omwe anakuvoterani. Tsiku limenelo adzakukuwizani, ndipo zidzakuwawani. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Werengani kalatayo mpaka kumapeto, pakuti pagulupo pali wina amene sakukuwa, ndipo alibe chaka china choti adzabwererenso.